Mbuzi ya Apongozi

Nicolau atapatsidwa ntchito yosamala jardim ya ku Fingoè, anzake okumba golide anamuseka mpaka nthiti kuwawa. Jardim yakeyo, kunena zoona, linali bwalo la fumbi pakati pa msika ndi maofesi a boma, lokhala ndi mabenchi a simenti, katungwe wa ana wopanda chingwe, ndi miyala yopaka laimu yosonyeza pamene panayenera kukhala maluwa. Koma iye akayang'ana ankaonapo mitengo ya mthunzi, ana akusewera, ndi dzina lake likutchulidwa ndi akuluakulu. Anali adakali woyesedwa. Bwana wake, kapena shefi monga amanenera kuno, a Ambrósio, amene anali atangobwera kumene kuchokera ku Tete, anamuuza mosapsatira kuti mitengo ikagwira, ntchito ikhala yake, koma ikauma akakumbe golide ndi anzakewo.

Mdani wa mitengo ku Fingoè si dzuwa ayi, ndi mbuzi. Nicolau ankabzala mbande za kesha ndi mango n'kutchinga ndi minga, mbuzi n'kubwera kudzadya mbande ndi minga yomwe. Atatopa, anaimirira pa msonkhano wa anthu, malaya atapisira, n'kulengeza lamulo limene analiganiza yekha. Mbuzi yopezeka mu jardim izimangidwa pachipata, ndipo mwini wake azibwera kudzabzala mbande ina ndi kuithirira anthu akuona. Osatuma mwana, osatuma mkazi, mwini wake weniweni. Mawu omalizawa anawabwerezanso m'Chipwitikizi, chifukwa anamva kuti akukoma m'kamwa.

Kunyumba anali munthu wina. Kwawo kunali ku Chiputo, ndipo kuno ankakhala pachikamwini, pakhomo pa amayi a mkazi wake Odete. Apongozi akewo, a Domingas, anali ogwira mwambo. Anathawa nawo nkhondo kupita ku Zambia, n'kubwerera nawo uli wosaphwanyika. Mkamwini ndi apongozi sayang'anizana. Akakumana panjira, a Domingas ankapatukira m'udzu mpaka iye adutse. Akafuna kumuuza kanthu, ankaima kuseri kwa nkhokwe n'kulankhula ndi Odete mokweza, mawu n'kumupeza iye ali pakhonde. Achinyamata amati n'zachikale, koma Nicolau ankadziwa kuti kuthawana kumeneko ndiwo ulemu wa pachibale, ndipo ankakunyadira. Anali a Domingas omwewo amene anatseka pakamwa achibale onyoza ntchito yake, amvekere mkamwini wanga sakafera m'dzenje, musiyeni abzale mitengo yakeyo. Ngakhale manyowa a mbande zija ankachokera m'khola lawo.

M'mawa wina m'chilimwe anapeza mbuzi ili mkati, itakweza miyendo yakutsogolo pa minga, ikumaliza nsonga ya mango. Inali yofiira, ya khutu long'ambika. Ankaidziwa bwino, popeza anali iye amene anaitsuka balalo galu atailuma. Anatola kamwala kuti aipirikitse mwakachetechete, koma tsoka sasimba: njinga yamoto ya a Ambrósio inaima pachipata nthawi yomweyo.

“Igwire, Nicolau, lamulo lako lapeza woyamba,” anatero akuvula chipewa. Mbuzi itamangidwa anafunsa, “Ndi ya yani?”

Apa munthu akanangonena zoona. A Ambrósio nawonso ali ndi apongozi kwawo, akanaseka, mwinanso akanati tuma mkazi wako nkhani ithe. Koma Nicolau anaona amayi a pamsika akusiya tomato n'kumayandikira, anakumbukira mmene anapisirira malaya tsiku lija, ndipo anaopa kuti anthu anena kuti lamulo limalumpha khomo la mwini wake.

“Sindikuidziwa, shefi.”

Nkhani ku Fingoè ilibe njinga koma imafika msanga. Dzuwa lisanakwere Odete anatulukira, thukuta lili kamukamu, n'kumukokera pambali.

“Abambo, mwatani kodi? Mbuzi ya amayi mwaimanga pano ngati mbava. Ndipatseni ndowa ndithirire ine, zithe.”

Nicolau anasuzumira kukhonde la ofesi. A Ambrósio anali atakhala pampando, maso ali komweko.

“Lamulo likuti mwini wake,” anayankha.

“Ndiye ndikawauze chiyani? Amva kale kuti simukuidziwa.”

Nicolau anasuzumiranso kukhonde kuja, ndipo Odete anabwerera yekha.

A Domingas anafika ndi Odete masana, dzuwa likuswa mtengo, atavala kapulana yawo, chitenje chija cha kutchalitchi, khasu lili paphewa. Sanalowe pachipata. Anaima kuseri kwa kakhoma ka jardim, nkhope atalozetsa kumsika, monga ankachitira kunyumba, n'kulankhula ndi mwana wawo.

“Odete, uwauze kuti mbuziyo ndi yanga. Ndalakwa. Akuonetse pobzala, iwe undionetse ine.”

A Ambrósio anatsika pakhonde. Sanali munthu woipa, kungoti sankadziwa kanthu.

“Mamã, kuno n'ku boma, sitilankhulira kuseri kwa khoma. Lowani. Mwini jardim ndi uyu, muuzeni nokha.” Ataona kuti mayiwo sakusuntha, anatembenukira kwa Nicolau. “Kapena pali chifukwa?”

Aliyense pamenepo ankachidziwa chifukwacho. Wogulitsa usipa ankachidziwa, wokonza njinga ankachidziwa, ndipo onse maso anali kwa Nicolau. Chofunika chinali kungoti ndi apongozi anga, basi. A Domingas anadikira kuseri kwa khomako, ndipo anadikira kwa nthawi ndithu, chifukwa ankafuna kumupatsa mpata. Koma bodza la m'mawa linali litamumanga. Anangoyang'ana nsapato zake.

Kenaka mayiwo anazungulira khoma, analowa pachipata, anadzaima pamaso pake n'kumuyang'ana m'maso. Chikwatirireni mwana wawo, Nicolau anali asanaionepo nkhope imeneyo pafupi chonchi. Anaona kuti diso lawo lamanzere layamba kuchita ng'ala, ndiponso kuti Odete anatengera mphuno kwa iwo. Anachita manyazi oti akanatha kulowa pansi.

“Sinyoro, ndibzale pati?” anafunsa, akumutchula bwana m'Chipwitikizi.

Nicolau analoza ndi chala. A Domingas anagwada ndi mawondo awo otupa, anakumba, anaika mbande, anapondaponda dothi ndi chidendene. Odete atafuna kutenga ndowa anamuletsa ndi dzanja. Anapita okha ku mjigo, anapopa okha, anabwera atasenza, madzi akudonthera pa kapulana ija. Palibe anaseka. Kuseka kukanakhala bwinoko. Amayi ena anangotembenuka n'kubwerera ku tomato wawo akupukusa mitu.

Atamaliza anamasula mbuzi yawo n'kumapita, osacheuka.

A Ambrósio anamumenya Nicolau paphewa mokondwa. “Izi ndiye ndimafuna, munthu wosayang'ana nkhope. Kuyambira lero palibe mbuzi ilowenso muno. Ntchitoyi ndi yako, ndikalankhula ndi akulu mawa lomwe.”

Chimene anachilakalaka chiyambireni chinali chitabwera, koma Nicolau anathokoza ngati munthu wolandira uthenga wa maliro. Madzulo onse anangoyendayenda mu jardim, kuthirira mbande zothirira kale, kukonza minga yosafuna kukonza. Poweruka anadzera pamsika kugula shuga ndi sopo. Wogulitsa anamupatsa katunduyo osamufunsa za kunyumba monga mwa masiku onse.

M'njira anakonza mawu. Akafika akhala pakhonde, aitana Odete, alankhula mokweza kuti mawu akafike kuseri kwa nkhokwe. Anena kuti analakwa, kuti anachita mantha, kuti mawa akawauza a Ambrósio zoona. Zinthu zotere pachibale zimatha, anadzilimbitsa mtima choncho.

Atalowa pabwalo anapeza a Domingas akupeta mapira pakhomo pawo. Iye anaima, n'kutembenukira kumbali kuti awapatse mpata wothawira kuseri monga mwa nthawi zonse. Koma sanathawe. Anaika lichero pansi, analowa m'nyumba, anatuluka ndi mphasa yatsopano imene ankasungira anthu obwera kuchokera kutali, n'kuiyala pansi pa mtengo. Anamukodola kuti akhale. Odete anali ataima pakhomo la khitchini, dzanja lili pakamwa, misozi ikutsika.

Nicolau anakhala pamphasapo, shuga ndi sopo zili pamiyendo. A Domingas anagwada patsogolo pake, anamupatsa dzanja, anamuyang'ana m'maso mwaulemu wonse.

“Mwaswera bwanji, sinyoro shefi? Mwatilemekeza kufika pakhomo pathu pano. Kodi mugona konkuno, kapena mupitirira?”