Tsinzinani, Palibe Akukuonani

Dokotala Sekai Marimbe, mayi wophunzitsa pa yunivesite, anali ndi masewera ake amene ankawanyadira kuposa mabuku onse a muofesi mwake. Chaka chilichonse, ikafika sabata yophunzitsa za kusiyana kwa anthu ndi kuponderezana, ankatulutsa ophunzira ake n'kupita nawo pabwalo la ntchemberembaye kuseri kwa sukulu. Ankati kuponderezedwa sikumveka munthu atakhala pampando wawofuwofu.

Ophunzirawo sanali ana ayi. Anali a digiri yachiwiri, anthu ogwira kale ntchito yosamalira ovutika m'zipatala, m'ndende ndi m'maofesi a boma, obwera ku Harare Loweruka lokha, ena imvi zili mbuu. Pakati pawo panali Nyaradzo Mhembere, mtsikana wofatsa wogwira ntchito yoona za ana ku Chitungwiza, ndi Munashe Gwatidzo, amene mabuku ankangowameza ngati mapiritsi. Kalasi yonse inkadziwa kuti awiriwa ndi otomerana, ndipo kuti mwezi wotsatira a kwa Gwatidzo akapereka malowolo.

"Gwiranani manja, mupange mzere umodzi," anatero Dokotala m'mawa umenewo. "Ndiziwerenga mawu. Akakukhudzani, pondani kamodzi kutsogolo kapena kumbuyo monga ndinganenere. Musaname. Tsinzinani, palibe akukuonani."

"Ngakhale inuyo, Adokotala?" anafunsa a Chinembiri, bambo wogwira ntchito kundende amene pakamwa pake sipankauma nthabwala.

"Ine ndikuyang'ana pepala, Mukanya. Tsinzinani apo."

Anawatchula mutupo wawo, ndiye kuti chiwongo cha mtundu wawo, monga timachitira kuno tikafuna kutseka munthu pakamwa mwaulemu, ndipo onse anaseka. Chimene Dokotala sananene, ndipo sankanena chaka chilichonse, n'chakuti pamapeto adzawauza kuti aphenye. Ankati ukaneneratu anthu amanama, phunziro n'kusukuluka.

Masewerawa anawaona kunja, koma mafunso anawaphika yekha kuti akhale akwathu kuno.

"Ngati munakula mukudya katatu pa tsiku, kutsogolo."

Nsapato zinachita khwekhwerere pasimenti.

"Ngati munabwezedwapo kusukulu chifukwa chosowa yunifolomu, kumbuyo."

"Ngati muli ndi kumudzi kumene kuli manda a agogo anu, kutsogolo."

Apa mzere wonse unasuntha, kupatula munthu mmodzi. Dokotala anakweza maso. Mkono wa Nyaradzo unali utatambasuka, zala zikadagwira za Munashe.

"Ngati munabadwira m'komboni ya pafamu, kumbuyo."

Zalazo zinapulumuka. Mtima unamuuza Dokotala kuti alekere pomwepo. Koma tinene zoona, mbali ina ya mtima womwewo inakondwa. Zaka zisanu ndi chimodzi wakhala akuwerenga mafunso omalizawa popanda wosuntha, ndipo lero phunziro linali litapsa. Chakomachakoma pusi anagwa chagada. Anapitiriza.

"Ngati chitupa cha bambo anu chinali ndi chilembo cha anthu obwera, kumbuyo. Ngati munabwerekapo dzina kapena mutupo kuti anthu akulandireni, kumbuyo."

Nyaradzo anaponda kawiri, maso ali tsinzini, nkhope ili phee ngati munthu amene akupemphera. Msana wake unagunda mpanda wawaya.

"Phenyani tsopano, muone pamene mwaima."

Anthu anaphenya n'kutembenuka. Munashe anali kutsogolo kwenikweni, pansi pa goli. Pakati pa iye ndi bwenzi lake panali bwalo lonse.

"Aa! Kodi tili ndi Mubhurandaya pakati pathu?" anafuula a Chinembiri, kutchula dzina lonyozera anthu ochokera ku Malawi. "Ndiye kutibisira chonchi, achimwene?"

Ena anaseka, ena anayang'ana nsapato zawo.

"Koma iwe si unkati kwanu n'ku Mutoko?" anatero mayi wina.

 Nyaradzo anangoyang'ana Dokotala.

Atabwerera m'kalasi kuti akambirane, Munashe ndiye analankhula bwino koposa. Ananena za anthu amene anachoka ku Malawi ndi ku Mozambiki kudzalima fodya wa dziko lino, ana awo n'kubadwira kuno, koma mpaka lero tikuwatchula opanda mutupo. Anzake anamuombera m'manja. Dokotala anadzitonthoza kuti mnyamata wolankhula chonchi sangataye munthu. Sanafune kukumbukira kuti polankhula ponsepo Munashe sanayang'ane Nyaradzo ngakhale kamodzi.

Loweruka lotsatira mpando wa Nyaradzo unali wopanda munthu. Linalo chimodzimodzi, ndipo foni yake inkangoitana. Dokotala anaitanira Munashe muofesi.

"Ndinangowauza azakhali basi, Adokotala," anatero Munashe akusisita bondo. "Si inu munati chobisa ndicho chimanenepetsa tsankho?"

"Ndiye azakhali akuti chiyani?"

"Akuti ng'ombe tikazitula kwa yani, m'khola liti? Akuti akadzamwalira m'nyumba mwathu, mzimu wake tikauperekeza kuti? Ana akadzadwala, tikapepesa kwa makolo ati?"

"Nanga iweyo ukuti chiyani?"

"Ine ndikudziwa kuti n'tsankho lenileni. Ndalemba momwemo m'nkhani ija munatipatsa. Koma anandinamiza zaka zitatu, Adokotala."

"Munashe, ndiwe bambo wa zaka makumi atatu iwe. Ndipititse kwa azakhali akowo ndikalankhule nawo."

Munashe anamwetulira momumvera chisoni.

"Akakufunsani mutupo, akuombereni m'manja, akuphereni nkhuku, basi mubwerere. Munthu sukwatira wekha. Inunso mukudziwa."

Dokotala ankadziwadi. Chaka chatha chomwechi mwana wa mlongo wake atabweretsa mtsikana, iye mwini, monga zakhali wa pabanja, ndiye anayamba kufunsa mutupo ndi mudzi mtsikanayo asanamalize n'komwe tiyi. Manyazi anamugwira, ndipo anamulola Munashe kuti azipita.

Lolemba Dokotala anakwera minibasi ya ku Chitungwiza. Pakhonde la ofesi ya Nyaradzo panali podzaza: agogo okhala ndi zidzukulu zopanda zikalata, amayi obereka ana kumbuyo, aliyense atapanira mapepala ake m'jumbo. Nyaradzo anamuona pazenera koma sanatuluke. Dokotala anakhala pabenchi n'kumasendera pang'onopang'ono ngati wina aliyense, mpaka dzuwa linafika paliwombo.

"Khalani, Adokotala. Tikuthandizeni chiyani?"

"Ndabwera kudzapepesa, mwana wanga. Bwerera kusukulu, kwangotsala miyezi inayi. A Chinembiri ndawadzudzula kale."

"Muwasiye a Chinembiri. Iwo ananena zimene anaona."

Nyaradzo ankalankhula motsitsa, akusanja mafayilo amene anali osanjika kale.

"Bambo anga anali a Jailosi, a pafamu ya fodya ku Banket. Pamanda awo pano anthu akulimapo chimanga. Dzina la Mhembere ndi la aphunzitsi amene anandilembetsa mayeso ngati mwana wawo, poti ndinalibe chikalata chobadwira. Anandibwereka dzina, mutupo, ndi mudzi umene ndinangopitako kawiri."

"Munashe akhoza kusintha maganizo. Tim'patse nthawi."

"Katundu wanga anam'tumiza pa wilibala Lachitatu. Sanabwere yekha." Anapumira. "Ndikanamuuza, Adokotala. Mwina malowolo atadutsa, mwina mwana woyamba atabadwa, kaya. Koma ndikanamuuza ndekha, ndi pakamwa pangapa, tili awiri."

 Mawu amene anatuluka m'kamwa mwa Dokotala ndi omwe sanafune kunena.

"Nanga unaponderanji kumbuyo? Ukanangoima."

Apa Nyaradzo anasiya mafayilo aja.

"Si munati tisaname? Munati palibe akutiona. Zaka makumi awiri palibe anandifunsapo za komboni, ndipo ine ndinkaisowa, mukumva? Ndinkasowa bambo anga. Ndinati kamodzi kokha, maso ali otseka, ndivomere kuti ndine mwana wawo. Ndinakukhulupirirani."

 Madzi akatayika saoleka. M'chikwama chimene Dokotala anali atakumbatira pamiyendo munali nkhani ya Munashe yonena za tsankho, imene anaichonga dzulo lake n'kuipatsa malikisi oposa onse, chifukwa inalibe polakwika.

"Ndichite chiyani tsono?" anafunsa. "Ndiuze, chilichonse."

Nyaradzo anamuyang'ana kanthawi, osati mwaukali, koma motopa. Kenako anaponya maso kukhomo.

"Wotsatira!"

Mayi wina wobereka mwana analowa, mapepala ali m'manja, naima pafupi ndi mpando kudikira kuti Dokotala anyamuke.