Onse Anangodwala Pang'ono

Asimenye anaimva nkhaniyo Lachiwiri m'mawa, asanavule n'komwe jekete. Edwina, bwana wake, anali ataima pakhomo la ofesi, pepala lili m'manja, nkhope itafiira ngati phwetekere, ndipo funso lake linali limodzi: kodi mu Liverpool wa zaka za m'ma 1870 munagwa mliri wanji umene akatswiri onse a mbiri yakale sanaumvepo?

Kabungwe kawoko kanali kosunga mbiri ya mzindawo, ndipo kankagwirira ntchito m'chipinda chapansi pa tchalitchi china chakale kufupi ndi madoko. Chaka chimenecho, 2014, ankasonkhanitsa nkhani za m'nyuzipepala zakale zonena za anthu amene anadzipha, kuti ofufuza aone mmene umphawi unkafinyira anthu, komanso kuti zidzukulu zipeze makolo awo. Ntchito yake sinali yofuna digiri. Umakhala pa makina oonera nyuzipepala zojambulidwa pa filimu, n'kulemba pa kompyuta dzina la munthu, zaka, msewu, ntchito yake ndi chigamulo cha bwalo lofufuza imfayo. Lamulo linali limodzi, ndipo Asimenye analimata yekha pakhoma: lembani monga mwaonera.

Dzulo lake kunabwera mayi wina dzina lake Michelle, kudzafufuza za gogo wa agogo ake, Harvey Thompson, wokhoma migolo ya ku doko. Banja lonse linakula likunong'onezana kuti munthuyo anadzipha. Mayiyo atayang'ana pa kompyuta anapeza kuti Harvey Thompson anamwalira atadwala pang'ono. Analira ndi chimwemwe, anaimbira mchemwali wake pomwepo, anakumbatira Edwina, kenako anapempha kuti amusindikizire nyuzipepala yeniyeniyo akaiike mu felemu. Edwina anaitsegula. Mayi uja atawerenga zimene zinalembedwamo, anatuluka osatsanzika.

Edwina anathera madzulo onse akufananiza. Anapeza anthu makumi asanu ndi atatu kudza atatu amene nyuzipepala inati anadzipha, koma pa kompyuta onse anangodwala pang'ono. Okalamba okha ndi amene anapatsidwa ulemu wodwala nthawi yaitali. Ndipo pansi pa dzina lililonse panali chizindikiro cha wolemba mmodzi yemweyo.

Asimenye anakhala pansi, mutu utaima. Wolembayo anali Anti Mwandida, ndipo anawabweretsa ndi iye mwini. Anali mayi wa zaka makumi asanu ndi ziwiri, wa ku Chiradzulu, mphunzitsi wakale wa pulayimale, amake a mtsikana wotchedwa Esnath, ndipo ankapemphera naye tchalitchi chimodzi. Anapempha chitetezo kuno ndipo boma linawakanira. Apilo yawo inali yoti imvedwe ku Manchester m'masiku khumi. Loya anawauza kuti apeze kalata ya munthu wodziwika yonena kuti ndi okhulupirika, onena zoona. Ntchito yolipidwa sankaloledwa kugwira, n'chifukwa chake Asimenye anawapezera yongodzipereka, n'kuwalumbirira pamaso pa Edwina kuti mayi amenewa sangalakwitse ngakhale kadontho. Kalata ija Edwina anailemba kale, inangotsala kusainidwa. Tsopano anati dzanja lake silingasaine kuti munthu ndi wonena zoona pamene wanama kokwana makumi asanu ndi atatu kudza katatu, pokhapokha mwini wakeyo akonze zonse ndi zala zake lisanathe Lachisanu.

Anti Mwandida anafika teni koloko monga mwa masiku onse. Anapachika ambulera, anapereka moni kwa aliyense mpaka wokonza mapaipi, kenako anatulutsa duku m'chikwama n'kumanga kumutu asanakhale pa makina. Miyezi inayi yonse Asimenye ankayesa kuti dukulo ndi la kuzizira. Tsiku limenelo m'pamene anakumbukira kuti mayiwo sankadyera m'chipindamo, ndipo sankasekamo.

"Anti, apa munalemba chiyani?"

"Kuti anatisiya atadwala pang'ono."

"Nanga nyuzi ikuti chiyani?"

"Nyuzi ilibe mwambo," anayankha Anti Mwandida, akupukuta magalasi.

Asimenye anayesa kulankhula mofatsa, poti kwawo ku Karonga anamulera bwino. Anafotokoza za ofufuza, za Michelle, za pepala la pakhoma lija. Anti Mwandida anamvetsera mpaka kumapeto ngati mphunzitsi amene akudikira mwana amalize yankho lolakwika. Kenako anafunsa ngati iye, ndi sukulu yake yonseyo, anamvapo wolengeza pamaliro akuima pakati pa anthu n'kunena mawu amenewo, ana a malemu ali pomwepo. Anati anthu awa anachititsidwa manyazi kamodzi, mzinda wonse ukuwawerenga uku ukumwa tiyi, dzina, msewu, nambala ya nyumba, ngakhale zimene zinapezeka m'thumba. Ndiye iwo, mayi wa Mvano, awavulenso kachiwiri?

"Anti, please. Ano si maliro. Ndi database."

"Pali dzina la womwalira, pali maliro, mwana wanga."

Apa mtima wa Asimenye unakwera. Ananena zimene mwana sayenera kunena kwa munthu wamkulu: kuti anthu awa anaola kalekale, kuti sakumva, kuti palibe ndi mmodzi yemwe amene adzakwere sitima kupita ku Manchester kukawaikira umboni. Anti Mwandida anamasula duku, analipinda bwinobwino, anatenga ambulera yawo. Pakhomo anatsanzikanso aliyense, wokonza mapaipi yemwe.

Lachitatu sanabwere, foni osayankha. Asimenye anathera m'mawa wonse akukukuta mano. Akanatha kukonza yekha zonsezo pa maola atatu, koma kompyuta imalemba dzina la wokonza, ndipo Edwina si munthu womupita pansi. Zinamukwana. Iye anabwera ku Ulaya kudzaphunzira kusunga mbiri, osati kudzanyengerera munthu wamkulu kuti alole kuthandizidwa. Amalawi tili ndi matenda athuathu: munthu akhoza kumira uku akupepesa madzi kuti wawavutitsa. Masana anapempha chilolezo, anakwera basi ya ku Anfield mvula ili waa, akuloweza m'mutu mawu okalipa amene ankadziwa kuti akafika sawanena.

Anti Mwandida ankakhala m'chipinda chimodzi cha nyumba imene anaikidwamo ndi amayi ena atatu a maiko ena. Anamulandira ngati palibe chachitika, anamufunsa za kwawo, anamupatsa thawulo apukute tsitsi, anatereka tiyi. Ulemu umenewu ndi umene unamupsetsa mtima kwambiri. Anaganiza zowaopseza. Anapempha kalata imene boma linawakanira nayo, kuti awawerengere mokweza, amve okha chimene akuseweretsa.

Kalatayo inatuluka m'Baibulo, itatha m'mopinda. Asimenye anali asanaionepo; nkhani zotere sufunsa, ndipo iye ankangodziwa kuti Anti anathawa abale a amuna awo. Anawerenga tsamba loyamba ndi mawu a ukali, lachiwiri mawu anayamba kutsika. Pa ndime ya khumi ndi chiwiri analeka. Pamenepo panalembedwa kuti wopemphayo wanena kuti mwamuna wake anamwalira atadwala pang'ono, ndipo atafunsidwa katatu chifukwa chimene abale a mwamunayo angafunire kumupha, sanapereke yankho lomveka. Choncho nkhani yake siikukhulupirika.

Anawerenganso ndimeyo chamumtima. Mvula inali kugunda pa zenera, ndipo m'khitchini wina ankakazinga anyezi.

"Anti, bambo a Esnath anadwala chiyani?"

Anti Mwandida anaika kapu yawo pansi. Zimene ananena zinatuluka mozungulira, monga mmene munthu amazungulirira chithaphwi. Anati amuna awo anali telala, munthu wachete, ndipo chaka chomaliza anasiya kudya, anasiya kusoka, ankangokhala pakhonde. Anati tsiku lina iwo anapita kusukulu, pobwera anapeza anthu adzaza pabwalo. Abusa anakana kuyendetsa mwambo. Alamu awo anati mwamuna sachita zimenezo popanda womutuma, ndipo womutumayo ndi mkazi. Anatentha nyumba ya kumunda, anawalondola ku Limbe, anawalondolanso ku Lilongwe. Pamaliro, malume a malemu anaima n'kulengeza kuti mwana wawo anadwala pang'ono, ndipo Anti Mwandida anati m'tsiku lonselo, amenewo okha ndi amene anali mawu achifundo.

"Aliyense akudziwa," anatero. "Esnath akudziwa. Koma palibe amene ananenapo. Ndiye ndikayambe ine, kwa mzungu wosamudziwa, womasulira ali pambali, ndi wa kwathu komwe?"

Asimenye anamva chisoni, ndipo pamwamba pa chisonicho anamva mkwiyo woti akanatha kuswa kapu. Zaka zitatu! Zaka zitatu mayi awa akudya chakudya chogula ndi makadi a boma, akusaina kwa a boma mwezi ndi mwezi, akugona m'nyumba ya anthu osamvana nawo chilankhulo, pamene mlandu wawo wonse unagona pa mawu amodzi amene anawakhalira. Anafunsa ngati loya akudziwa. Anti anati loyayo ndi mwana wamng'ono, msinkhu wa Esnath. Asimenye anaimirira, anayenda mpaka pa zenera, anabwerera, poti chipindacho chinathera pomwepo.

Sanakalipe. Anangonena kuti woweruza wa ku Manchester sadzamva za mozungulira, ndipo akadzamvanso za kudwala pang'ono adzawakweza ndege kuwabwezera kwa alamu awo omwewo. Anati bambo a Esnath anaikidwa mwaulemu kale, koma amene anatsala wamoyo ndi mayi a Esnath. Anasiya tiyi wosatha, anatsanzika. M'basi anazindikira kuti wanyamula thawulo la eni ake.

Lachinayi anafika ku ntchito mochedwa, atagwa mphwayi, akukonza mawu opepesera Edwina. Anapeza Anti Mwandida ali kale pa makina, duku lili kumutu. Anali pa Harvey Thompson. Anafufuta mawu awo aja chilembo chimodzichimodzi, ngakhale ankadziwa bwino njira yachidule, kenako analemba chigamulo cha bwalo monga chinalili: anadzipha, mutu utasokonezeka kwa kanthawi. Akamaliza munthu mmodzi ankaweramitsa mutu, milomo ikunong'ona pemphero, asanapite kwa wina. Asimenye anawerengera mwamsanga kuti pa liwiro limeneli adzamaliza pa Khirisimasi. Anakhala pa desiki yake n'kumanamizira kuyankha makalata.

Anamaliza Lachisanu cha m'ma fili koloko. Womaliza anali Millicent, wantchito wa m'nyumba wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Edwina anafuna kuti Asimenye aone zonse kalata isanasainidwe, ndiye anakhala n'kumatsika ndi mndandandawo, dzina ndi dzina. Zonse zinali bwino. Koma pofika pansi, chiwerengero chinakana: anthu anali makumi asanu ndi atatu kudza anayi.

Anatseka maso. Ambuye, china n'chiyaninso? Anatsegula dzina lowonjezeralo. Sunday Nthanda. Zaka makumi anayi ndi zisanu ndi zinayi. Pa msewu panalembedwa dzina la mudzi. Ntchito: telala. Chaka: 2010. Ndipo m'bokosi lomaliza munali mawu amodzi okha, opanda chowonjezera.

Anatembenuka. Anti Mwandida anali atavala kale jekete, duku akadali nalo kumutu, chikwama atachifumbata pamiyendo ngati munthu wodikira basi.

"Anti, awa si a mu Liverpool."

"Ndikudziwa."

"Sangakhale muno. Edwina akaona, tayambanso."

"Ufufute. Ndimangoyesa ngati zala zingathe," anatero Anti Mwandida. "Zatha. Kwatsala pakamwa. Umuimbire mwana uja, loya, umuuze kuti tikubwera Lolemba. Koma iwe ukakhale pambali panga, ndipo ndikakayamba kuzungulira, ukanditsine."

Asimenye anasindikiza tsambalo asanalifufute. Makina osindikizira, monga mwa khalidwe lawo, anameza pepala loyamba, ndipo anachita kuwatsegula n'kulikoka ndi zala, akung'ung'udza, maso atadzaza misozi moti sankaona bwino. Lachiwiri linatuluka lofunda. Anti Mwandida analilandira ndi manja awiri, analiwerenga kamodzi, n'kuliika m'Baibulo pamwamba pa kalata yowakanira ija.