Bokosi la a Chikoti

Elifasi atamwalira Lachiwiri m'mawa, pakhomo pake panalibe ngakhale thabwa lokhomera bokosi. Matenda a miyezi isanu anali atadya mbuzi zonse, kenaka njinga. Mkazi wake Anesi anali pamphasa pafupi ndi mtembo pamene Dickson, mng'ono wa malemuyo, anadzagwada pakhomo.

"Alamu, a Chikoti amva za zovutazi. Akuti bokosi agula ndi iwo, la ku Lilongwe, la zogwirira zonyezimira. Awonjezanso matumba awiri a ufa."

A Chikoti anali mkulu wogula fodya pa Nsaru amene chaka chimenecho ankafuna uphungu. Elifasi sankadziwana nawo n'komwe. Koma Anesi anali atatopa ndi kupemphapempha, moti anangogwedeza mutu kuvomera.

Iye ankafuna chinthu chimodzi basi. Elifasi anaimba kwaya ya mpingo zaka makumi atatu, ndipo ali gone chidwalire ananena kawiri konse kuti anzake akwaya adzamuperekeze ndi nyimbo mpaka kumanda, abusa adzaponye dothi loyamba. Abusawo anavomera, koma ananeneratu kuti ikakwana 2 koloko anyamuka, poti ku Kabudula kunalinso maliro ena.

Bokosi linafika Lachitatu m'mawa, lokongola moti amayi a pasiwa anayamba aleka kulira n'kumalisisita. Adzukulu anamaliza kukumba manda dzuwa lisanafike paliwombo. Apo mpamene munthu wa a Chikoti, wa magalasi akuda, anaima pakhomo.

"Bwana ali m'njira. Maliro asatuluke."

Akanatsutsa ndani? Ufa wa bwanayo unali kale m'mimba mwa anthu.

Anadikira. Akwaya anaimba mpaka mawu kusasa. Abusa anayang'ana wotchi kangapo, kenaka analowa m'nyumba n'kugwira Anesi dzanja. "Mayi, pepani. Kwinakonso akundidikira." Anapemphera mwachidule, nakwera njinga yawo yamoto.

A Chikoti anatulukira 4 koloko itadutsa, pambuyo pawo lole yodzaza amayi ovala nsalu za chipani za nkhope ya bwanayo. Amayiwo anatsika akuvina ngati afika paukwati, ndipo nsalu imodzi anaiyala pabokosi. Akulu a mpingo ataona zimenezo anauza akwaya kuti asiye, mpingo suyenda pambuyo pa nsalu ya chipani. Akwayawo anakakhala pansi pa mtengo wa mango, mabuku ali m'manja, ena akulira.

Bwanayo analankhula ola lathunthu za mlatho, mijigo ndi feteleza. Dzina la malemu anachita kufunsa kwa Dickson, chinkuzamawu chili pakamwa, anthu onse akumva.

Anesi anakwawa ndi mawondo kukafika pamene panali mlamu wake. "Alamu, auzeni achotse nsaluyo. Akwaya aimbeko imodzi yokha, chonde."

Dickson anayang'ana pansi. "Alamu, bokosili ndi lawo. Ndiye achimwene tiwatulutsemo?"

Elifasi anatsikira m'manda ndi nyimbo za chipani. Dothi loyamba anaponya a Chikoti, ndipo anabwereza kachiwiri poti wojambula zithunzi anali asanakonzeke. Anesi mtima unamuwawa kuposa tsiku limene mwamuna wake anatsirizika. Imfa sanaiitane ndi iye, koma bokosi analivomera yekha ndi mutu wake.

Patapita miyezi, ali pamzere kuchigayo pa Nsaru, anamva amayi awiri a mudzi wina akutsutsana za tsiku limene mwana wa mnzawo anabadwa.

"Iwe, anabadwa sabata ya maliro a a Chikoti aja," anatero mmodzi.

Chonsecho a Chikoti anali moyo, onenepa bwino, akugulabe fodya wawo. Anesi anatula dengu lake pansi.

"Maliro amenewo anali a amuna anga. Dzina lawo anali a Elifasi."

Mayi uja anagwira pakamwa. "Eti? Pepani, mayi, sitinadziwe. Komatu munachita mwayi, bokosi lija linali labwino."