Chinsanza cha Kagalu

Akalipentala anali atagulapo zinthu zambiri pa moyo wawo, koma anali asanakumanepo ndi wogulitsa wa mafunso ngati aNagalu. Dzinali anthu anangowapatsa mayiwo chifukwa choweta agalu a mtundu weniweni, osasakanizika, aja a makutu oima ndi msana wakuda.

Mpanda ulipo? Kagalu kazigona pati? Mukachoka amatsala ndani? Mayankho sanawakwanire, mpaka anabwera okha kudzaona pakhomo. Anapeza unyolo utamangidwa kale pamtengo wa pabwalo.

"Uwu ndi wachiyani?"

"Wa galu."

"Wanga ayi. Muzimangirapo njinga."

Chiwabereni makina opalira matabwa, mtima wa akalipentala unali pa galu basi. Anachotsa unyolo, anatseka mabowo a mpanda, nakhoma kanyumba ka galu ndi matabwa abwino oti akanapangira kabati. Atatero anauzidwa kuti adikire kagalu kasiye kuyamwa. Katasiya, adikirenso kabayidwe katemera.

Tsiku lokatenga, aNagalu anawapatsa kagaluko, thumba la chakudya, ndi chinsanza cha bulangete chodzaza ubweya, chonunkha moti munthu n'kutembenuza nkhope.

"Ichi amagonera make. Kakamamva fungo lake kazigona bwino, kazidya. Musachitaye. Loweruka ndibwera ndi sikelo. Ndikapeza katatsika thupi, ndikatenga, zanu ndikubwezerani. Ndimatero ndi aliyense."

"Ngakhale mwana wa munthu sitimulera chonchi," anang'ung'udza akalipentala.

"Mwana wa munthu amanena pamene pakumuwawa."

Poyamba zonse zinayenda. Kagalu kankadya, n'kukadzipinda pachinsanza chake. Kenako kunabwera apongozi awo a akalipentala kudzacheza. Mayi amenewa anali aukhondo wodziwika. Mwana wawo yemwe ankati akanatha bwenzi akutsuka ndi sopo yemwe.

Masana ena akalipentala akuchokera kogula misomali, anaona chinthu chikuuluzika pachingwe choyanikira zovala. Anaima chilili. Chinali chinsanza chija, chili mbee, chikununkhira sopo.

"Mwachapa, amayi?"

"Ndachapa, bambo. Ndi madzi otentha, ndabwerezanso. Munthu waulemu wanu n'kusunga zoterezi pakhomo? Ntchentche zinachita kuitanizana."

"Zikomo kwambiri, amayi."

Apongozi sakalipiridwa. Akalipentala anapita kuseri kwa shedi yawo n'kukhoma msomali pa thabwa losalakwa mpaka unapindika.

Kagalu kananunkhiza chinsanzacho kamodzi, n'kuyamba kulira. Chakudya osachiyang'ana. Mawa lake chimodzimodzi. Akalipentala anayesa kukanyengerera ndi mkaka, kanakana. Anatenga chinsanza n'kukachikhula pa galu wa aneba, uja wopanda mtundu. Kagalu katamva fungo lachilendolo kanathawira pansi pa benchi n'kumanjenjemera.

"Agalu a masiku ano!" anatero apongozi. "Athu ankagona paphulusa, osadandaula."

"Abambo, kawauzeni eni ake," anatero akazi awo.

"Akandilanda."

"Nanga Loweruka sikelo ikanena, sakulandani? Taonani nthitizo."

Lachisanu akalipentala anavala jekete lawo labwino, lija la kumisonkhano, poti wopempha safika ndi utuchi m'mutu. ANagalu anawapeza akupesa galu wamkazi uja, make wa kagalu.

"Ndinati musachitaye," anatero mayiwo atamva nkhani.

"Sitinataye. Chachapidwa."

"Ndani wachapa?"

"Apongozi."

ANagalu anasiya kupesa.

"Pepani," anatero. "Koma zinsanza zonse zinapita ndi abale ake. Vulani jeketelo."

"Mwati bwanji?"

"Mukufuna galu kapena jekete?"

Anavula. Mayiwo analiyala m'khola. Galu uja analinunkhiza, anazungulirazungulira, n'kuligonera ndi thupi lonse, malovu akutsikira pakolala. Akalipentala anatseka maso. Anakhala pabenchi masana onse, dzuwa likuwawotcha msana, aNagalu akuwaphunzitsa za njoka za m'mimba, nkhupakupa ndi kadulidwe ka zikhadabo, ngati kuti anawafunsa.

"Ndiye sikelo ija ibwerabe mawa?" anafunsa potsanzika.

"Ndikupatsani masiku ena pang'ono. Koma kubwera ibwera ndithu."

Anabwerera kwawo atanyamula jekete patali ndi mphuno. Pageti anakumana ndi apongozi, beseni lili m'manja.

"Kalanga ine, bambo! Mwagwera m'chiyani? Bweretsani kuno madzi asanazizire."

"Iyayi amayi, ili lisakhudze madzi."

Aka kanali koyamba kuwakaniza chinthu chikwatirireni mwana wawo. Akazi awo, amene anali pakhonde, anabisa nkhope m'manja, mapewa akugwedezeka.

Akalipentala anagwada pakanyumba ka galu, anayala jekete pansi, n'kulikhomerera ndi misomali m'mbali monse, kuyambira kolala mpaka manja. Kagalu kanatuluka pansi pa benchi mokayika. Kananunkhiza, kanalowetsa mphuno m'thumba la jekete, mchira n'kuyamba kugwedera. Kanagona kanthawi, kenako kanadzuka n'kulunjika pambale. Kanadya mpaka kunyambita pansi pake.

Akalipentala anapuma mpweya wautali, atakhala chogwada pomwepo.

Kumbuyo kwawo anamva apongozi akufunsa mwana wawo motsitsa mawu: "Iwe, chozulira misomali amasunga pati?"

Akalipentala anadzuka mwakachetechete, anatenga hamala ndi pulayala, n'kukazitsekera m'bokosi. Kiyi anaika m'thumba la thalauza.