Makoluna Anayi pa Ukwati wa Belinha

Atamuchotsa ntchito ku mgodi wa malasha ku Moatize, Eusébio, mwana wa mlongo wanga, anabwerera kuno ku Zóbuè atasenza amplifikadoro, kabokosi kokweza mawu, ndi makoluna awiri, amene a ku Malawi amati masipika. Munda alibe. Ana ake amadyera kabokosi komweka, pa maukwati ndi pa maliro.

Tsiku la ukwati wa Belinha, mlongo wake, akuchimuna anafika kuchokera ku Malabwe pa kamiyau, chigalimoto chonyamula katundu, nawonso atanyamula makoluna awiri. Kwathu kuno chimene akuchimuna abweretsa sichikanidwa, ingakhale nkhuku ya diso limodzi.

Eusébio anandikokera kuseri.

"Titiya, sizitheka. Koluna iliyonse, pa muyeso wa magetsi, ili ndi maomu asanu ndi atatu. Awiri pa waya mmodzi amatsitsa maomuwo kufika anayi, ndiye polekezera kabokosi kanga. Ndikawonjezera awa afika awiri, akoka moto wambiri, kapsa."

"Sukulu yanji imeneyo, kuwonjezera koma zinthu n'kumachepa?"

"Makanda anayi pa bere limodzi, titiya."

"Ehe, apo ndamva. Langa linafota ndi awiri okha."

Ndiye Eusébio anangomangirira waya kumbuyo kwa makoluna a alendo osawalumikiza. Ine ndinavina patsogolo pake, kutambasula chitenje kuti munthu asayandikire. Koma a Isaías, amalume a mkwati, anandilambalala n'kugunditsa khutu. Zii.

"Mwatinyoza!" anakuwa. "A mgodi potisamutsa sanatimvere, nanunso mukutitseka pakamwa? Tikukwera kamiyau, mwana wathu tikumutenga."

"Bambo, makoluna anuwa ndi amanyazi ngati mkamwini," ndinatero. Palibe anaseka.

Belinha anayang'ana mlongo wake. Eusébio anagwada, nalumikiza onse anayi.

Nyimbo inagunda mpaka mbuzi kudula zingwe. A Isaías anavina thukuta kamukamu. Ine ndinakhudza kabokosi: kutentha ngati simbi yositira. Ndinakakupiza ndi mbale, ndinakanyengerera ngati mwana wodwala. Kenako kunabwera fungo la pulasitiki wopserera, kautsi, basi phwii.

Azimayi anapitiriza nyimbo ndi pakamwa, ukwati unatha bwino.

M'mawa mwake ndinamupeza Eusébio atatsegula kabokosi kaja, mkati muli bii. Ndinafuna kumuseka, koma ndinangokhala pambali pake. Lolemba anapita ku malire kukafunsa ngati a makamiyau akufuna wonyamula katundu.