Chithunzi cha ku Chelstone

Chipego anakhala zaka zisanu pakhomo la sitolo ina m'tauni, akusecha zikwama za anthu otuluka. Ntchitoyo inamutopetsa, koma inamuphunzitsa kudziwa munthu wobisa kanthu pongoona kayendedwe kake. Ndi luso limeneli anakwera masitepe a kaofesi ka a Fred Mulubwa, wapolisi wakale amene tsopano ankafufuza zinsinsi za anthu pa malipiro.

A Mulubwa sanafunse za masatifiketi. Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Nili na client ku Kabulonga, ba Petronella," anatero. "Bamuna babo, ba Fabian, basoba masana, ku office kulibe. Ba Petronella baganiza kuli mukazi wina. Nifuna picture imozi chabe, bali na uyo mukazi. Ukaleta pa Friday, nchito ni yako. Ukakangiwa, bwelela ku ma handbag."

Masiku awiri oyamba anapita pachabe. Ku Kabulonga, dera la anthu olemera, munthu woima pamsewu amaonekera patali, ndipo alonda a m'mageti alibe china chochita koma kuyang'ana. Lachinayi m'mawa galimoto ya a Fabian inatuluka, Chipego n'kuilondola pa takisi mpaka ku Chelstone.

Kumeneko anapeza zimene sanakonzekere. Panyumba pamene galimotoyo inaima panali tenti, amuna atakhala panja mitu ili pansi. Anali maliro. A Fabian anakakhala pampando wakumapeto ngati mlendo wamba.

Chipego anaganiza zoima pafupi ndi geti, foni ili m'manja. Anaiwala kuti pamaliro mkazi saima pakati pa amuna, makamaka atavala buluku. Sipanathe mphindi ziwiri, mayi wina wa mpingo anamugwira pamkono.

"Iwe mwana, unakulila kuti? Tenga chitenge ichi, ngena mukati."

Kukana kukanachititsa anthu onse kutembenuka. Anamanga chitenje chija n'kulowa.

M'nyumbamo mipando anali ataitulutsa, amayi atakhala pansi mothithikana. Malo okha otsala anali pafupi ndi namfedwa, mtsikana wamsinkhu wake amene ankamutchula kuti Febby. Pakhoma panali chithunzi cha malemuyo, mwana wa Febby, kamnyamata ka zaka ngati zinayi. Chipego anangoona mphumi ndi makutu a mwanayo, zofanana ndi za a Fabian, nkhani yonse n'kuimvetsa. Amayi a kumbuyo kwake anamaliza zotsalazo monong'ona: bambo ake alipo panjapo, koma sangakhale pamalo a bambo chifukwa kwawo ku Kabulonga sakudziwa.

Febby sanafunse kuti mlendoyu ndani. Pamaliro safunsa. Anangotsamira paphewa la Chipego, n'kugwira dzanja lake lamanzere, ndipo anakhala choncho nyimbo zitatu.

Cha m'ma 12 koloko anaitana a Fabian kuti amve za bokosi. Bamboyo anafika pakhomo, anavula nsapato, n'kugwada pamaso pa Febby. Pamenepo mphamvu zinamuthera. Analira ngati mwana, chipumi chili pamaondo a mtsikanayo, amayi onse n'kuyamba kulira naye.

Dzanja lamanja la Chipego linali lomasuka. Foni inali pamiyendo, m'mphepete mwa chitenje chobwereka chija. A Fabian atangodzutsa mutu, Chipego anadina kamera kamodzi.

Chipego akutuluka, Febby anamufinya dzanja. "Zikomo pobwela, sisi. Mulungu akudaliseni."

Chipego anabweza chitenje kwa mwini wake, anakwera minibasi ya m'tauni, kenako ya kwawo ku Kabwata. Njira yonse ankadziuza kuti chithunzicho achifufuta akafika kunyumba. Atafika anachapa zovala, anasesa, n'kutchaja foni. Manyazi anali nawo, ndipo sanadzinamize kuti alibe.

Lachisanu a Mulubwa anachikuza chithunzicho ndi zala ziwiri, n'kuchiyang'ana nthawi yaitali. Nkhope zonse ziwiri zinkaoneka bwino, ngakhalenso mwana wa pakhoma uja.

"Unali pafupi maningi," anatero. "Unakwanisa bwanji?"

"Uyo mukazi ninamugwilila kwanja, ba Mulubwa."

Bamboyo anagwedeza mutu mokhutira, n'kutumiza chithunzicho ku Kabulonga pomwepo, Chipego akuona.

"Bamuna batatu banakangiwa iyi case. Iwe kwanja kwako sikunjenjema. Yamba pa Monday."

Nthawi imeneyo ku Chelstone anali akunyamula bokosi. Chipego anathokoza, n'kufunsa kuti ofesi amatsegula nthawi yanji.