Khodi ya pa Ngolo ya Mayi Shu

Kuang Yifan anali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu, ndipo kwa zaka zisanu anali asanagwirepo ndalama yapepala. Ankanyadira zimenezi kwa aliyense womumvera. Ku Shenzhen, ku Harbin, ngakhale kumapiri a ku Yunnan komwe ankapikula tiyi, foni yokha inkamukwanira.

M'mawa uliwonse, potuluka m'sitima yapansi ku Zhengzhou, ankagula mbatata yootcha pa ngolo ya Mayi Shu, omwe mwaulemu ankawaitana kuti Azakhali. Tsiku lina kunkazizira koopsa. Analoza mbatata yaikulu, nalunjikitsa foni pa khodi ya QR, kachizindikiro kolipirira ndi foni, yomatidwa pa ngolo.

"Mwanawe, ulibe yapepala?" anafunsa mayiwo motsitsa mawu.

"Yapepala chaka chino, Azakhali? Ndikaifukule kuti?"

Ndalama itapita, Yifan anayang'anitsitsa koyamba chithunzi cha woilandira. Anali mwamuna wandevu wa magalasi akuda, atatsamira njinga yamoto yofiira.

"Ndevuzi si zanu, Azakhali. Ndani ameneyu?"

"Mwana wanga. Khodiyo ndi yake. Akuti ine za foni sindizidziwa, ndiye amandisungira."

"Amakupatsani?"

Mayi Shu anatembenuza mbatata pamoto. "Akakumbukira. Mankhwala anga a mtima adatha Lachiwiri. Koma achinyamata nonse mumabwera ndi foni basi."

Yifan makutu anamutentha. Miyezi inayi yonse, iye wodzitama uja, ankathira mafuta m'njinga ya chimunthu chathanzi pamene mayi ake akupsa zala pamsewu. Anagwira pepala la khodilo kuti alimatule.

Mayiwo anamugogoda padzanja ndi chopanira makala. "Lisiye. Akaona kuti ndalama sizikulowa abwera kudzandikalipira pamaso pa anthu."

"Ndiye ndikutsegulireni khodi yanu. Mphindi zitatu zokha, ndatsegulira anthu ambirimbiri ine."

"Chiphaso changa ndi khadi la ku banki zili kwa iye."

Yifan anachoka ali tsinya gwa, kukasaka ndalama yapepala. Musitolo yoyamba mtsikana wogulitsa anamuseka. Muyachiwiri anamutsegulira dilowa kuti aone yekha kuti mulibe kanthu. Pomaliza wometa tsitsi wina wokalamba anavomera kulandira mayuwani makumi asanu, ndalama za ku China, pa foni, namupatsa pepala lobiriwira lonunkha sopo.

Atabwerera, anaika pepalalo m'manja mwa Mayi Shu. Iwo anayang'ana uku ndi uku, nalipinda kanayi, nalilowetsa m'sokosi.

"Chenji ndilibe. Utenga mbatata zisanu ndi imodzi."

"Zonsezo ndidya ndekha?"

"Anzako kuntchito alibe pakamwa?" Anavula magolovesi, namupanikiza chopanira chija m'manja. "Sitolo ya mankhwala yatsegula. Undiyang'anire motowu, zisapserere."

Yifan anali atachedwa kale kuntchito ndi theka la ola. Anaima pambali pa ngoloyo mu jekete lake lodula, utsi ukumulowa m'maso, akuwayang'ana mayiwo akuwoloka msewu mwachangu.